Kuika mafuta a m'mafupa: mmene kumachiritsira ndiponso zimene zimalakwika

Magazi amapangidwa m'mafupa. Mkati mwa mafupa a m'chiuno, a msana, nthiti ndi fupa la pachifuwa muli mafuta ofiira ofewa, ndipo m'mafutamo muli maselo ochepa oyambitsa magazi, amene madokotala amawatchula kuti stem cells. Maselo amenewa ndi amene amabala maselo ofiira onyamula mpweya, maselo oyera olimbana ndi matenda, komanso mapulateleti amene amathandiza magazi kuundana. Ntchitoyi siima, chifukwa selo lofiira limakhala masiku pafupifupi 120, pulateleti masiku 8 mpaka 10, ndipo maselo oyera otchedwa neutrophil amatha m'masiku owerengeka chabe. Mafutawa akagwidwa ndi khansa ya m'magazi, akafota ngati mmene zimakhalira pa matenda a aplastic anaemia, kapena akamapanga maselo olakwika chibadwire ngati pa sickle cell ndi thalassaemia, njira ina yothandizira munthu ndi kuwononga mafuta akewo n'kuikamo ena.

Wodwala sachitidwa opaleshoni. Maselo atsopano amalowa kudzera m'kapaipi ka mumtsempha, monga mmene amaikira magazi, ndipo amapeza okha njira yopita m'mafupa. Tsiku limenelo nthawi zambiri limadutsa bwinobwino. Zovuta zili m'masiku a m'mbuyo mwake ndi m'miyezi yotsatira.

Pali njira ziwiri. Pa yoyamba, maselo amatengedwa mwa wodwala yemweyo, amasungidwa mozizira kwambiri, iye amapatsidwa mankhwala amphamvu a khansa, kenako amamubwezera maselo ake kuti magazi ayambirenso. Imeneyi ndi imene imagwiritsidwa ntchito kwambiri pa mitundu ya khansa yotchedwa myeloma ndi lymphoma. Pa yachiwiri, maselo amachokera kwa munthu wina, ndipo apa wodwala salandira magazi atsopano okha ayi: amalandiranso chitetezo cha m'thupi cha munthu winayo. Chitetezo chachilendochi chimatha kusaka ndi kupha maselo a khansa amene mankhwala anawasiya. Chimathanso kuukira khungu, matumbo ndi chiwindi cha wodwalayo. Kafukufuku wambiri wa zaka 60 zapitazi wakhala akufunafuna mmene tingasungire mphamvu yoyambayo popanda kulandira yachiwiri, ndipo mpaka lero ziwirizi sizinalekanitsidwe kotheratu.

Kupeza wopereka woyenera

Mu 1957 dokotala wa ku United States, E. Donnall Thomas, analemba za odwala 6 amene anawaika mafuta a anthu ena. Palibe amene anakhala ndi moyo nthawi yaitali. Chimene chinkasowa chinali kudziwa zizindikiro za pamaselo zotchedwa HLA, zimene Jean Dausset anayamba kuzifotokoza mu 1958. Chitetezo cha m'thupi chimayang'ana zizindikiro zimenezi kuti chidziwe selo la mwini thupi ndi selo lachilendo. Mu 1968 gulu la Robert Good ku Minneapolis linachiritsa mwana wobadwa wopanda chitetezo pogwiritsa ntchito mafuta a mlongo wake wogwirizana naye HLA, ndipo Thomas, amene anapitiriza ntchitoyi ku Seattle, analandira mphoto ya Nobel mu 1990.

Majini a HLA ali pa kromozomu 6 ndipo amatengedwa ngati mtolo umodzi kwa bambo, wina kwa mayi. N'chifukwa chake m'bale aliyense wa bere limodzi, bambonso mmodzi, ali ndi mwayi umodzi pa 4 wogwirizana kwathunthu ndi wodwala. Amayeza majini anayi, HLA-A, B, C ndi DRB1, awiriawiri (ina ya kwa bambo, ina ya kwa mayi), ndipo onse akafanana amati 8 pa 8. Akawonjezera DQB1 amati 10 pa 10. Gulu la magazi si chopinga. Wodwala wa gulu A akhoza kulandira maselo a munthu wa gulu O, ndipo patapita miyezi magazi ake amasanduka a gulu O.

Odwala ambiri alibe m'bale wogwirizana naye, choncho amafufuzidwa m'kaundula wa anthu odzipereka. Kaundula woyamba anali wa bungwe la Anthony Nolan ku London mu 1974, ndipo lero makaundula a padziko lonse ali ndi anthu oposa 40 miliyoni. Koma mwayi si wofanana. Kafukufuku wa mu 2014 wa kaundula wa ku United States anapeza kuti mzungu wochokera ku mabanja a ku Europe anali ndi mwayi wa 75 pa 100 wopeza wogwirizana naye kwathunthu, pamene anthu akuda anali ndi mwayi wosafika 20 pa 100. Zifukwa ndi ziwiri: anthu ochokera ku Africa ali ndi mitundu yambiri ya HLA, ndipo ndi ochepa m'makaundula.

Maselo amatengedwa m'njira zitatu. Wopereka akhoza kugonekedwa tulo ndi mankhwala, n'kumukoka mafuta ndi singano kuseri kwa fupa la m'chiuno, pang'onopang'ono, osapitirira mamililita 20 pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake. Thupi limabwezeretsa m'milungu yochepa. Njira yofala masiku ano ndi kumubaya jakisoni wa mankhwala otchedwa G-CSF kwa masiku 4 kapena 5, amene amatulutsira maselowo m'magazi, kenako makina amawasefa kwa maola angapo. Wopereka amamva kuphwanya kwa mafupa ndi mutu, zimene zimatha jakisoni akasiyidwa. Amawerenga maselo okhala ndi chizindikiro cha CD34, chimene chimapezeka pa maselo oyambitsa magazi, ndipo amafuna osachepera 2 miliyoni pa kilogalamu ya wodwala, makamaka 4 kapena 5 miliyoni. Njira yachitatu ndi magazi a mumchombo wa khanda, imene Eliane Gluckman anaichita koyamba ku Paris mu 1988. Kusankha pakati pa njira ziwiri zoyambazo si nkhani yaing'ono. Pa kafukufuku wa mu 2012 wa opereka osakhala achibale, odwala anapulumuka mofanana, koma amene analandira maselo a m'magazi anadwala kwambiri matenda okhalitsa a kuukiridwa ndi maselo a wopereka, 53 pa 100 poyerekeza ndi 41, pamene amene analandira mafuta enieni ndi amene maselo ankalephera kumera kawirikawiri, 9 pa 100 poyerekeza ndi 3. Kwa munthu amene alibe khansa, monga wa aplastic anaemia, mafuta enieni ndi abwino, popeza palibe khansa yoti maselo olusawo aphe.

Masabata oyambirira

Kusanafike tsiku loika maselo, limene limatchedwa tsiku 0, wodwala amakonzedwa kwa sabata imodzi. Cholinga ndi kupha khansa, kupereka malo m'mafupa, ndi kufooketsa chitetezo chake kuti chisakane maselo atsopano. Kukonza kwamphamvu kumakhala cheza chowomba thupi lonse chokwana 12 Gy (Gy ndi muyeso wa cheza) chogawidwa masiku angapo pamodzi ndi mankhwala a khansa a cyclophosphamide 120 mg pa kilogalamu, kapena busulfan m'malo mwa cheza. Thupi la munthu wachikulire kapena wodwala mtima, mapapo kapena impso silingapirire zimenezi. Kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 pakhala kukonza kofatsa kogwiritsa ntchito fludarabine ndi mlingo wochepa wa mankhwala ena, komwe kumadalira kwambiri maselo a wopereka kuti amalize khansa. Kumeneku kunatsegulira khomo anthu a zaka za m'ma 60 ndi 70, koma khansa imabwerera kawirikawiri kuposa pa kukonza kwamphamvu.

Pambuyo pa tsiku 0 pamakhala milungu iwiri kapena itatu imene munthu alibe maselo oyera. Mankhwala aja amasupulanso khungu lofewa la m'kamwa mpaka m'matumbo, moti kumeza ngakhale malovu kumafuna mankhwala a ululu a gulu la morphine. Pa melphalan, mankhwala ena okonzera wodwala, kuyamwa madzi oundana pa nthawi yolandira mankhwala kumachepetsa zilondazi, chifukwa mitsempha ya m'kamwa imafinyika ndipo mankhwala ochepa amafikako. Zilonda zimenezi ndi khomo la mabakiteriya a m'matumbo kulowa m'magazi. Kutentha thupi kwa madigiri 38.3 kamodzi, kapena 38 kwa ola lathunthu, kumatengedwa ngati ngozi: amatenga magazi okayeza ndipo mankhwala amphamvu opha mabakiteriya amayamba m'ola lomwelo, osadikira zotsatira. Munthu wopanda neutrophil sapanga mafinya ndipo malo odwala satupa, choncho kutentha thupi kungakhale chizindikiro chokhacho. Magazi onse amene amamuika amayamba awombedwa ndi cheza kuti maselo oyera a m'thumbamo asamuukire.

Maselo amati amera pamene neutrophil afika 500 pa maikulolita kwa masiku atatu otsatizana. Akapanda kumera pofika tsiku la 28, madokotala amafufuza ngati mlingo unali wochepa, ngati wodwala anali ndi ma antibody, mapuloteni a chitetezo cha m'thupi, olimbana ndi HLA ya wopereka (zimachitika kwa amene anaikidwa magazi kambirimbiri kapena amayi amene anaberekapo), kapena ngati pali vairasi imene ikupondereza mafuta. Kuyeza DNA kumasonyeza kuti ndi maselo angati pa 100 amene ndi a wopereka.

M'nyengo yomweyi chiwindi chimayang'aniridwa tsiku ndi tsiku. Busulfan, cheza ndi mankhwala ena amawononga timitsempha ting'onoting'ono ta m'chiwindi, timatsekeka, ndipo magazi amadzazana. Matendawa amatchedwa VOD kapena SOS. Zizindikiro zake ndi kulemera kwa thupi kokwera kuposa 5 pa 100 chifukwa cha madzi, chiwindi chotupa chopweteka kumanja pansi pa nthiti, madzi m'mimba, ndi bilirubin (chimene chimabweretsa chikasu) yofika 2 mg/dL, kawirikawiri m'masiku 21 oyamba. N'chifukwa chake sikelo ndi chida chofunika kwambiri m'chipinda cha wodwalayu, ndipo mapulateleti amene akuikidwa koma osakwera amayenera kukayikitsa msanga. Ursodiol amaperekedwa popewa. Mankhwala ochiza ndi defibrotide, 6.25 mg pa kilogalamu maola 6 alionse kwa masiku osachepera 21, ndipo amathandiza kwambiri akayambidwa impso ndi mapapo zisanagonje. Kudikira kuti chikasu chioneke bwino m'maso ndi kuchedwa, makamaka mwa ana, amene ena mwa iwo amadwala matendawa popanda chikasu.

Maselo a wopereka akaukira thupi

Pa kuika impso, thupi ndi limene limakana chiwalo. Pano zimatembenuka: zimene zaikidwazo ndi zimene zimakana thupi. Matendawa amatchedwa GVHD. Amayamba chonchi: mankhwala okonzera aja amavulaza matumbo, zidutswa za mabakiteriya zimalowa m'thupi n'kudzutsa chitetezo, maselo oyera a wopereka otchedwa maselo a T amaona zizindikiro zachilendo, amachulukana, kenako amapita kukawononga. Ngakhale HLA itafanana 10 pa 10, pamakhalabe kusiyana kwina kwakung'ono kwa mapuloteni. Mwachitsanzo, mwamuna akalandira maselo a mkazi, makamaka amene anaberekapo, chiopsezo chimakwera chifukwa maselowo amaona mapuloteni a kromozomu Y ngati achilendo.

GVHD yoyambirira imagwira ziwalo zitatu. Pakhungu imayamba ngati zidzolo zofiira m'manja, kumapazi, kuseri kwa makutu ndi pakhosi. M'chiwindi imakweza bilirubin. M'matumbo, momwe muli ngozi yaikulu, imabweretsa kutsekula kwa madzi obiriwira, nthawi zina a magazi, ndipo anamwino amayeza kuchuluka kwake: mamililita 500 patsiku mwa wamkulu ndi gawo loyamba, kupitirira 1,500 ndi gawo lachitatu. Kutsekula m'mimba kungachokerenso ku vairasi ya CMV, ku bakiteriya wa Clostridioides difficile kapena ku mankhwala a mycophenolate, ndipo machiritso ake amatsutsana: GVHD imafuna kupondereza chitetezo, pamene vairasi imafuna kuchimasula. Choncho kudula kanyama ka m'matumbo kukayeza sikuyenera kuzengerezedwa.

Mankhwala oyamba akadali masteroidi, methylprednisolone 2 mg pa kilogalamu patsiku, ndipo pafupifupi theka la odwala ndi amene amathandizika mokhalitsa. Kwa zaka zambiri otsalawo analibe chodalirika. Kafukufuku wa REACH2, wofalitsidwa mu 2020, anasonyeza kuti ruxolitinib anathandiza 62 pa 100 pofika tsiku la 28, poyerekeza ndi 39 pa 100 pa mankhwala ena. Ndi kupita patsogolo kwenikweni, ngakhale kuti mankhwalawa amatsitsa mapulateleti ndipo ena mwa othandizikawo amabwereranso. Ofufuza apezanso kuti mapuloteni awiri a m'magazi, ST2 ndi REG3α, amasonyeza kuwonongeka kwa matumbo zizindikiro zisanakule, ndipo akuyesa kugwiritsa ntchito zimenezi posankha amene akufunika mankhwala amphamvu ndi amene angapatsidwe masteroidi ochepa.

Kupewa GVHD ndi kumene kwasintha kwambiri. Kuyambira zaka za m'ma 1980 njira yokhazikika inali mankhwala opondereza chitetezo, ciclosporin kapena tacrolimus, pamodzi ndi methotrexate pa tsiku 1, 3, 6 ndi 11. Ena anayesa kuchotseratu maselo a T m'thumba la maselo. GVHD inachepa, koma khansa inkabwerera ndipo maselo ankalephera kumera. Kafukufuku wa mu 1990 wa odwala oposa 2,000 anatsimikizira mfundoyi: amene analandira mafuta kwa mapasa awo ofanana ndendende, komanso amene anachotseredwa maselo a T, khansa inkawabwerera kwambiri, pamene amene anadwalapo GVHD inkawabwerera mochepa. Chaka chomwecho Hans-Jochem Kolb ku Munich anasonyeza kuti kuika maselo oyera okha a wopereka kungabwezeretse pansi khansa ya m'magazi yotchedwa CML imene yabwerera.

Njira ya ku yunivesite ya Johns Hopkins ku United States, yofalitsidwa mu 2008, inabwera ndi nzeru ina. Maselo amaikidwa onse, n'kusiyidwa masiku atatu. M'masiku amenewo maselo a T amene aona thupi ngati mdani amadzuka n'kuyamba kugawikana mofulumira. Pa tsiku 3 ndi 4 wodwala amapatsidwa cyclophosphamide 50 mg pa kilogalamu, amene amagunda kwambiri maselo odzukawo. Maselo oyambitsa magazi amapulumuka chifukwa ali ndi enzayimu ya aldehyde dehydrogenase imene imasukulutsa mankhwalawa, ndipo maselo a T okhazika mtendere nawonso amapulumuka n'kuchira msanga. Tacrolimus ndi mycophenolate zimayamba pa tsiku 5, ndipo masteroidi amapewedwa m'masiku oyambawo ngakhale thupi litatentha, pokhapokha zitafika poipa. Zotsatira zake n'zakuti kholo, mwana kapena m'bale wogwirizana theka lokha akhoza kukhala wopereka, ndipo pafupifupi aliyense ali ndi munthu wotero. Cyclophosphamide ndi mankhwala akale, otchipa, ndipo safuna makina apadera. Kwa anthu amene makaundula sawathandiza, palibe china chimene chasintha zinthu kuposa ichi. Mu 2023 kafukufuku wa BMT CTN 1703 anayesa njirayi mwa odwala okhala ndi opereka ogwirizana bwino, okonzedwa mofatsa: patatha chaka, 53 pa 100 anali moyo opanda GVHD yoopsa komanso khansa isanabwerere, poyerekeza ndi 35 pa 100 pa njira yakale. Nayonso ili ndi mtengo wake. Maselo amachedwa kumera, mtima ukhoza kuvulala, ndipo chikhodzodzo chimatha kutuluka magazi, chifukwa cha mankhwalawo m'masiku oyamba (amatetezedwa ndi mesna ndi madzi ambiri) kapena chifukwa cha vairasi ya BK pambuyo pake.

Mabakiteriya abwino a m'matumbo nawonso alowa m'nkhaniyi. Kafukufuku wa mu 2020 wa odwala oposa 1,300 m'zipatala zinayi za ku United States, Germany ndi Japan anapeza kuti amene mitundu ya mabakiteriya awo inachepa kwambiri pa nthawi yomera maselo ankamwalira kawirikawiri. Izi sizikutsimikizira kuti kuchepako ndi kumene kumapha, koma zachititsa madokotala kusamala posankha mankhwala opha mabakiteriya ndi kukonda kudyetsa wodwala kudzera m'matumbo kusiyana ndi mumtsempha.

Mavairasi ogona ndi zotsalira za m'tsogolo

Neutrophil amabwerera m'milungu, koma maselo oyera a T ndi B amatenga chaka kapena ziwiri. M'kati mwa nthawiyi mavairasi amene anagona m'thupi kuyambira ubwana amadzuka. CMV imagwira mapapo, matumbo ndi maso. Choopsa kwambiri ndi pamene wodwala ali nayo koma wopereka sanakumanepo nayo, chifukwa chitetezo chatsopano sichiidziwa. Magazi amayezedwa sabata iliyonse ndi njira yofufuzira vairasi yotchedwa PCR, ndipo ganciclovir amayambidwa vairasi ikangooneka, ngakhale kuti amapondereza mafuta atsopanowo. Letermovir, wovomerezedwa mu 2017, anatsitsa matenda a CMV ofuna chithandizo kuchoka pa 61 kufika pa 38 pa 100 pofika sabata 24. Vairasi ina, ya EBV, ingayambitse chotupa cha maselo a B, chimene chimachizidwa ndi rituximab. Acyclovir amateteza ku mashingozi, cotrimoxazole ku chibayo cha Pneumocystis, ndipo posaconazole amaperekedwa kwa amene ali pa masteroidi ambiri poopa fangasi wa Aspergillus. Pano pali msampha wodziwika: mankhwala a fangasi a gulu limeneli amakweza kwambiri tacrolimus m'magazi, ndipo mlingo ukapanda kutsitsidwa impso zimavulala, munthu amanjenjemera kapena kukomoka. Tacrolimus akhozanso kuthandizira kuwonongeka kwa timitsempha tating'ono, kumene kumaoneka ndi BP yokwera, mapuloteni mumkodzo ndi maselo ofiira ophwanyika.

GVHD yokhalitsa ndi imene imasankha mtundu wa moyo umene wopulumuka adzakhale nawo. Imaumitsa maso ndi m'kamwa, imalimbitsa khungu mpaka mfundo za m'manja kulephera kuwongoka, imachepetsa njira ya ziwalo zoberekera, ndipo m'mapapo imatseka timachubu ta mpweya. Mapapo akawonongeka motero sabwerera, ndipo munthu amayamba kubanika zinthu zitapita kale patali, choncho kuyeza mphamvu ya mapapo miyezi itatu iliyonse m'zaka zoyambirira n'kofunika ngakhale kwa amene akumva bwino. Kuyambira 2017 pavomerezedwa mankhwala a ibrutinib, belumosudil, ruxolitinib ndi axatilimab, zimene zikuthandiza kuchepetsa zaka zokhala pa masteroidi ndi zovuta zake: shuga, mafupa ofooka, ndi kufa kwa mutu wa fupa la ntchafu.

Komabe chimene chimapha ambiri mwa oikidwa maselo chifukwa cha khansa ya m'magazi ndi kubwerera kwa khansayo. Odwala amene amalowa akadali ndi timaselo ta khansa tooneka ndi zoyezera zakuya amakhala pa chiopsezo chachikulu. Kuyeza kumeneku tsopano kukuthandiza posankha kukonza kwamphamvu kapena kofatsa, komanso amene apatsidwe mankhwala opitiriza, monga sorafenib kapena gilteritinib pa khansa ya m'magazi ya AML yokhala ndi kusintha kwa jini ya FLT3.

Wopulumuka amafunika katemera onse kuyambiranso, ambiri kuyambira miyezi 6 mpaka 12, ndipo katemera wa tizilombo tamoyo monga wa chikuku amadikira zaka ziwiri, GVHD itatha ndi mankhwala opondereza chitetezo atasiyidwa. Amayezedwa chithokomiro, ng'ala, mtima, ayironi wochuluka ndi khansa zatsopano za pakhungu ndi m'kamwa kwa moyo wake wonse. Kukonza kwamphamvu nthawi zambiri kumathetsa mphamvu yobereka, ndipo kusunga umuna, mazira kapena kachidutswa ka thumba la mazira kuyenera kukambidwa mankhwala asanayambe, ngakhale wodwala ali mwana.

Nkhani yobereka imalemera kwambiri pa sickle cell, pamene mwana sakufa mawa koma matenda akumudya pang'onopang'ono. Ndi m'bale wogwirizana kwathunthu, ana oposa 90 pa 100 amachira. Kumapeto kwa 2023 United Kingdom ndi United States zinavomereza Casgevy, njira yokonza majini a maselo a wodwala yemweyo, yomwe imachotsa vuto la GVHD ndi losowa wopereka. Koma maselo okonzedwawo amafunikabe malo m'mafupa, ndipo malowo amapezeka ndi busulfan yemweyo, ndi zilonda zake, chiopsezo chake pachiwindi ndi kusabereka. Ofufuza akuyesa mankhwala a antibody olunjika pa chizindikiro cha CD117, oti azichotsa maselo oyambitsa magazi okha osakhudza ziwalo zina. Ayesedwa kale mwa odwala ochepa a matenda obadwa nawo a chitetezo ndi a Fanconi anaemia (matenda obadwa nawo ofotetsa mafuta a m'mafupa), ndipo funso limene likufufuzidwa ndi ngati angapereke malo okwanira paokha.